Mwini Filimu Ndi Hafu wa Njerwa

Ana a pakhomo pathu amakangana usiku ndi usiku pa nkhani yoti mwini filimu ndani. Wina amati Jet Li, wina Rambo, wina mnyamata wa ku India uja amene amagwetsa anthu makumi atatu tsitsi lake osasokonekera n'pang'ono pomwe. Ine ndimangoti duu, poti wamkulu salowerera mikangano ya ana, koma yankho ndili nalo. Mwini filimu amakhala pomwepo pamaso pawo, wofiira, wokhakhala, wobenthuka ngodya imodzi, ndipo chiyambire palibe adamuwombera m'manja. Ndikunena chiduswa cha njerwa chimene timatsamiritsapo foni pakhonde. Amisiri omanga nyumba amangoti hafu. Ine sindingachite mwano wotero kwa munthu wamkulu. Ndimati a Hafu.

Lamulo la filimu limadziwika kwa aliyense amene adakhalapo pabenchi la vidiyo sho, m'kachisakasa kotchinga ndi mapepala akuda, jenereta ikulira kuseri: mwini filimu safa. Amukwapule, amuponye kuphompho, amuwotchere m'nyumba, pamapeto atulukira ndithu akusasa fumbi. Tsono tiyeni tiwerenge maliro a pakhomo pano. Foni yoyamba idamira mu ndowa ya madzi. Yachiwiri batire idatupa ngati chule wa m'dzinja. Yachitatu idatsika minibasi pa Golomoti, mwini wake, ine amene, ndikupitirira ulendo wa ku Balaka. Mamemori khadi awiri adagwidwa ndi vayirasi n'kuiwala zonse zimene ankadziwa. Matchaja ndiye sindiwerenga, amangofa ngati nkhuku za m'nyengo ya chitopa. A Hafu okha ndiwo alipobe, osadwala, osakalamba, osapempha bandulo. Nanga mwini filimu n'kukhalanso wina?

Mbiri yawo ndikuidziwa kuyambira kumatope. Adabadwira kudambo la kumunsi kwa mudzi wathu, chakuno ku Mtakataka, kumene dothi limagwira phazi ngati wangongole. Adapondedwa ndi anyamata aganyu, adalowa m'chikombole, adagona pabwalo dzuwa la Seputembala likuswa mtengo, kenaka adalowa mu uvuni n'kupsa usana ndi usiku. Kufika apo anali njerwa yathunthu, ya tsogolo labwino, yoti ikakhale pakhoma la khitchini ya mayi a kunyumba. Tsoka lidagwa tsiku lotsitsa njerwa pangolo. Woponya adaponya bwinobwino, koma wowakha maso anali kwa atsikana opita kumjigo. Phwa! Mmisiri adatola chibanthu chimodzi, adachitembenuza, adatsonya, n'kuchiponya kumbali. Chibanthu chinzake ana adathamanga nacho kumasanje, ndipo kwa zaka zambiri sitidachionenso.

Madzinja awiri a Hafu adagwira ntchito yotsekereza chitseko cha khola la nkhuku. Mvula idawakuntha, bakha adawanyoza m'njira imene abakha amanyozera zinthu, koma sadadandaule. Otchuka ambiri amayambira kotere. Ngakhale William Kamkwamba wa ku Wimbe uja, amene lero dziko lonse likumudziwa, zipangizo za makina ake amphepo adakazitola kudzala la zitsulo zotayidwa.

Achinyamata a lero sadziwa kumene tachokera, ndiye ndiwakumbutse. Ife tidakulira pa wailesi: Kapalepale, Sewero la Sabata Ino, mabatire ataanikidwa padzuwa masana kuti akafike usiku. Pamene Television Malawi inkatsegulidwa mu 1999, kuno tinkangomva mphekesera zoti ku Blantyre anthu akuona a Muluzi akuyenda m'bokosi. Mavidiyo sho a pamsika analipo, koma amayi ndi agogo sankapondako, ndipo mwana wopezeka kumeneko ankakalandira chikoti kunyumba. Filimu idalowa m'makomo mwathu mochedwa, ndipo idalowera m'thumba la malaya: ka itel, ka Tecno, kasola kapadenga, ndi memori khadi yochepa ngati chikhadabo cha khanda.

Apo m'pamene idayamba nyengo yowawa imene ndimaitcha nyengo ya dzanja. Foni imafuna woigwira. Udindowo unkagwera mwana wachisamba, poti ndiye wa mkono wautali. Mphindi khumi zoyamba zinkayenda bwino. Filimu ikafika pakati, mkono unkayamba kutsika pang'onopang'ono ngati dzuwa lolowa kuseri kwa mapiri a Dedza, mpaka tonse makosi ali pansi ngati nkhuku zojompha. Udzudzu ukamuluma pamwendo, nkhondo yonse ya ku China inkagwedezeka ngati kwachita chivomerezi. Pakafika poseketsa, wogwirayo ankaseka ndi thupi lonse, ife n'kumangoona denga. Choipitsitsa n'choti dzanja lili ndi mwini wake, ndipo mwini dzanja amakondera. Foni inkapendekera kwa iye, a kumphepete n'kumangomva mawu ngati abwerera ku wailesi. "Tatembenuzirako kuno!" "Iwe, chimutu chakocho!" "Amayi, akundibisira dala!" Filimu imodzi inkabala milandu itatu, woweruza ndili ine, wosalipidwa.

Ofuna mpandowu adalipo ambiri, ndipo onse adagwa chagada pachisankho. Thumba la mpunga wa ku Bwanje lidayamba bwino, lofewa, laulemu, koma linkafupika sabata ndi sabata chifukwa tinkalidya. Chipatso cha mlambe chidagubuduka, ndipo m'mawa mwake chidapezeka chitaswedwa, ana milomo ili mbuu. Botolo la pulasitiki lidapita ndi mphepo. Kapu idaitanidwa pakati pa filimu ndi mlendo waludzu. Nsapato yanga idatumikira mokhulupirika usiku umodzi, koma okhala kutsogolo adadandaula za mpweya. Baibulo likadatha, msinkhu wake ngwoyenera ndithu, koma agogo adakanitsitsa kwamtuwagalu kuti Mawu a Mulungu asenze Rambo.

Ndiye usiku wina wa mu Julaye, mwera ukuwomba kuchokera kunyanja, chitsirizira wathu, amene panthawiyo anali sitandade 2, adadzuka osalankhula, adazungulira kuseri, n'kubwera atanyamula a Hafu ndi manja awiri ngati mphatso ya kwa mfumu. Adawapukuta ndi siketi, adawakhazika pakampando, adatsamiritsapo foni. Foni idaima. Idaima nji, osagwedera, osapendeka, osakondera. Pakhonde padagwa bata limene sitidalionepo chikwatirane ine ndi mayi awo. Usiku womwewo vumbwe adalowa m'khola n'kutenga tambala, poti chitseko chidatsala chopanda mlonda. Koma kodi udalongedwapo ufumu popanda kufa nkhuku?

Ophunzira za uinjiniya ku MUBAS abwere adzaone okha, sitiwalipiritsa. Choyamba ndi kulemera. A Hafu salemera mopweteka mwana, komanso sapepuka moti mwera n'kuwasuntha. Adayezedwa pa sikelo ya kumwamba. Kenaka khungu lawo lokhakhala lija, limene ena amalinyoza: ndilo limagwira msana wa foni kuti usaterereke, pamene galasi ndi pulasitiki zimangoitaya. Mbali imene adasweka ija, chilema chimene mmisiri adawatayira, idabenthuka mopendeka pang'ono, ndipo kupendeka kumeneko ndi kumene maso a munthu wokhala pamkeka amafuna. Mukawagoneka chafufumimba, ndi kanema wa ana okhala pansi. Mukawaimika chambali, ndi wa akuluakulu a pamipando. Ndipo pangodya yobenthuka ija pali kampata kamene chingwe cha tchaja chimadutsa ngati adachita kukayezera. Mnyamata wowakha uja, kulikonse kumene ali, adziwe kuti kuyang'ana atsikana kwake kudapindulira mtundu.

Za khalidwe ndiye musachite kufunsa. Anyamata ophunzira upolisi pasukulu ya pa Mtakataka pano amaima pelete mpaka ena kugwa ndi dzuwa. A Hafu amaima maola anayi osaphethira, mawa lake n'kubwereranso. Sali ngati malume anga, amene filimu iliyonse amati adaionera kale ku Salima ndipo amaulula wakufa filimu isanafike pakati. Safunsa kuti "akuti chiyani?" Sapita kukataya madzi pamene ndeu yafika pokoma n'kubwera akulamula kuti tibwezere m'mbuyo. Samwa tiyi. Salira mkazi wa mwini filimu akamwalira, ngakhale ndikukhulupirira kuti mumtima zimawakhudza.

Taganizani katundu amene msana umenewu wasenza. Tsiku la msika mnyamata wanga amapalasa njinga kupita pa Golomoti kukabenetsa, kwa anyamata a makompyuta aja amene amadzaza memori ngati akuthira chimanga m'thumba, mpaka kutsendera. Amabwerako ndi China yense, India yense ndi Nigeria yense m'thumba la kabudula. Malole otsika Khwekhwerere amabuula ndi matumba a kachewere ndi kabichi, mabuleki akununkha. Sitima ya katundu ikamadutsa panjanji ya ku Salima nthaka imanjenjemera. A Hafu amasenza asilikali zikwizikwi, akavalo awo, ndege, njovu za ku India ndi nyumba zosanja za ku Hong Kong, thukuta osatuluka ngakhale dontho.

Ambiri mwa mafilimuwa ndi omasulira aja, amene DJ mmodzi amalankhulira anthu onse: mfumu, mkazi wa mfumu, kapolo, kavalo, nthawi zina ngakhale chitseko. Pakamwa pake wankhondo wa lupanga amasanduka mnyamata wa ku Ndirande, nyumba yachifumu imasanduka ofesi ya DC, ndipo anthu akamadya ndi timitengo tiwiri tija amati ali pachiwaya. Ophunzira amanyoza, amati kumeneko si kumasulira koma kupeka. Mwina akunena zoona. Koma kupeka kumeneko ndi kumene kumakhazika agogo pansi mpaka kumapeto, akukalipira mpongozi wa ku Mumbai ngati ngwa m'mudzi muno: "Mayi iwe, mwana wa eni akeyo wakulakwira chiyani?" Chimene chimandiwawa n'chimodzi. DJ ameneyu amadzitchula dzina kakhumi m'filimu imodzi, amapereka moni kwa anzake a ku Mbayani, a ku Mchesi, a ku Joni, mpaka kwa ometa tsitsi lake, koma sindidamumvepo akuti moni kwa njerwa zonse zimene zaimika mafoni m'dziko muno usiku uno.

Pa a Hafu padutsa Aki ndi Pawpaw, tianyamata ta ku Nigeria tija timene agogo amakanabe mpaka lero kuti ndi akuluakulu. Mr Ibu atamwalira mu Malichi 2024 tidamukhuza sabata yathunthu, kumuonera usiku uliwonse, kulira kwake kuli kuseka. John Nyanga ndi Eric Mabedi adatisiya, wina mu 2016 wina mu 2021, koma pakhonde pathu Izeki ndi Jakobo akukanganabe ngati palibe chachitika. Ndani wina amene angadzutse anthu atatu otere n'kuwaimika mowongoka pamaso pa ana amene sadawaonepo amoyo?

Athu a kuno nawo adakwerapo. The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah tidaionera ndi msuweni wanga msodzi wa ku Chipoka, amene nkhani ya filimuyo sadaitsate n'komwe, ankangoyang'ana mabwato ndi nyanja n'kumalosera kuti kuwomba mphepo yanji. The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, ya Kamkwamba yemwe uja, idabweretsa mkangano wina. Chiwetel Ejiofor atangotsegula pakamwa kulankhula Chichewa, agogo adatchera khutu, adapukusa mutu, n'kufunsa kuti bamboyu kwawo n'kuti, poti ku Kasungu iwo adakhalako ndipo salankhula choncho. Tidawauza kuti ngwa ku London, adachita kuphunzira. Adati basi ayesetsa, apatsidwe madzi akumwa. Gule atatulukira m'filimumo ana adabwerera m'mbuyo okha, mkeka n'kutsala pakati popanda munthu. A Hafu sadasunthe.

Joyce Mhango Chavula adakatenga mphoto ku Lagos mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe, Shemu Joyah n'kukatenganso mu 2018 ndi The Road to Sunrise, ndipo tidanyadira. Ku Hollywood amapereka Oscar ngakhale kwa wosoka zovala ndi wodzoza anthu zophodaphoda. Onsewo akalandira amathokoza amayi awo, Mulungu ndi owathandiza ndalama. Wofikitsa filimuyo pamaso pa anthu a ku Mtakataka satchulidwa.

Koma ntchito yaikulu koposa m'mbiri ya a Hafu ndi ya mpira. Pa 25 Januwale 2022, Flames ikukumana ndi Morocco ku Yaoundé m'ndime ya matimu 16 ya AFCON, dziko linali mumdima. Namondwe Ana anali atangowononga kumene ku Kapichira, magetsi kulibe, netiweki ikubwera n'kuthawa. Ife chigoli cha Gabadinho Mhango tidachimvera pa wailesi, ndipo tidachiona patapita masiku, wina atatiponyera pa WhatsApp. Kuchokera tsiku limenelo chaonetsedwa pa a Hafu kosawerengeka. Mpira umanyamuka kutali, kutali zedi, goloboyi Bounou akubwerera chambuyo ngati wothamangitsa nkhuku yothawa mpeni, uwo mu ukonde! Kakanemako kamathera pomwepo. Za En-Nesyri ndi Hakimi, zoti tidagonja 2-1, a Hafu sadazionetsepo ndipo sazidziwa. Pakhonde pathu Malawi ikutsogolabe 1-0 mpaka lero, ndipo aliyense wotsutsa akaonere kwawo.

Mukamadutsa pa Golomoti mumaona munda wa magalasi uja wa kampani ya JCM, umene udayamba kupereka magetsi mu 2022: mamegawati 20 ochokera kudzuwa, ndi mabatire akuluakulu osungira mphamvu. Nyuzipepala zidalemba, mawailesi adalengeza. Sindikunyoza, n'chinthu chonyaditsa. Koma tawatsatirani magetsiwo kumene akupita. Achoka kudzuwa, alowa m'galasi, ayenda m'mawaya, afika pa kagolosale kotchajitsa mafoni, alowa m'batire, asanduka Jackie Chan. Nanga pothera pa ulendo wonsewo Jackie Chan aima bwanji? Popanda a Hafu, mamegawati onse 20 amagona chagada n'kumaonetsa filimu kwa abuluzi a kudenga.

Apa ndilankhuleko osaseka. Amene adapanga foni adaipangira munthu mmodzi: dzanja limodzi, maso awiri, timahedifoni m'makutu. Kaoneni m'nyumba zina za m'tauni, anthu asanu pabalaza, aliyense waweramira kake, wina akuseka uku wina akukwinya nkhope uko, ngati odikira dokotala. Foni ikakhala m'dzanja ndi ya mwini wake. Ikangotsamira pa a Hafu yasanduka ya mudzi. Ana a nyumba zoyandikana amabwera ndi timipando tawo osaitanidwa, amayi amakhala chakumbuyo akusenda nandolo maso ali kutsogolo, mnyamata wa kabaza wodutsa amaima kuti angoona pang'ono n'kupezeka wakhala mpaka kumapeto. Ngakhale ine mwini foni ndilibe mphamvu pa iyo. Ikalira pakati pa filimu, khamu lonse limakuwa kuti "Dulani! Aimbanso!" ndipo ndimadula, ngakhale woimbayo akhale bwana wanga. Kale, moto ukuthetheka, agogo ankati "Padangokhala," ife n'kuyankha "Tili tonse." Nthano zija zachepa, ndipo zimandidandaulitsa. Koma "tili tonse" uja sadafe nazo. Adangosamuka pamoto n'kukakhala pa njerwa.

Masewera a pafoni okha ndiwo sawapatsa ulemu. Ludo imafuna foni igone pamkeka anthu anayi ataizungulira, Dream League imafuna zala ziwiri za mnyamata mmodzi wosafuna kubwereka mnzake, ndipo Temple Run ndiye imachita kuipendeketsa foni uku ndi uku ngati nyengo ya dzanja yabwerera. Masiku amenewo a Hafu sakhala chabe. Amapsinja masamba a buku kuti mphepo isawatembenuze pamene mtsikana wathu wa fomu 2 akuwerengera mayeso, tochi itatsamira pamsana pawo. Nthondo wa Samuel Josiah Nthara, buku langa lakale lothothoka chikuto, adalimaliza lonse atakhala pamwamba pake tsamba ndi tsamba. Ndiye kuti ngophunziranso, kuposa ena a ife.

Mayesero aakulu adabwera pa Khirisimasi ina. Mlamu wanga pochokera ku Joni adatigulira choimikira foni cha kusitolo: chakuda, chonyezimira, cha miyendo itatu ndi khosi lopindika ngati la kakowa. Ana adakuwa. A Hafu adatsitsidwa pampando n'kukaikidwa kuseri kwa chitseko, ndipo ndikuvomera mwamanyazi kuti nanenso ndidamuwombera m'manja mlendoyo. Chikomekome cha mkuyu. Tsiku lachitatu khosi lija lidayamba kugwa lokha pakati pa filimu ngati munthu wosinza pa ulaliki. Lachisanu kasipuling'i kogwira foni kadadumpha n'kulowa mumdima, sitidakapeze. Chaka chatsopano chisanafike mbuzi idaponda mwendo umodzi. Tidapita kuseri kwa chitseko mitu ili pansi. A Hafu sadanene kanthu. Sadafunse kuti nanga mlendo wanu uja ali kuti. Adangokwera pampando n'kupitiriza gawo 14 la filimu ya ku Korea pomwe lidalekezera.

Ndipo musawaone kufupika, ngochokera ku banja lalikulu. Abale awo ndi amene aimika nyumba zakale za mishoni ya Mua, imene ansembe a White Fathers adayamba mu 1902 m'mphepete mwa Nadzipokwe. Ena ali ku Blantyre, asenza tchalitchi cha St Michael and All Angels kuyambira 1891, chija David Clement Scott adamanga ndi anthu a komweko iye asadaphunzirepo zojambula mapulani a nyumba. Asuweni awo ndi makapu ndi mbale za ku Dedza Pottery, amene amapakidwa maluwa n'kukwera ndege ndi alendo. Koma mtundu wawo zinthu sizili bwino. Kuyambira 2018 malamulo akuletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zikuluzikulu, pofuna kupulumutsa mitengo, ndipo ndikaona mmene mapiri a kumtunda kwa Mua akumetedwera mpala sindingatsutse. Uvuni umadya nkhuni ngati maliro a mfumu. Ndikungofunsa kuti adzukulu athu adzatsamiritsa foni pa chiyani. Buloko la simenti ndi chimphona chamabowo, chotuwa, chozizira mtima. Mukaliika pakampando, kampando kamathyoka.

Choncho ndili ndi mapempho awiri. Ku Mua komweko kuli Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene Bambo Claude Boucher Chisale adayambitsa mu 1976, ndi nyumba ya Chamare yosunga za Achewa, Angoni ndi Ayao. Asiyeko kangodya kamodzi, aikepo kampando, pakampandopo hafu wa njerwa, kuti alendo a ku Canada ndi ku Germany adziwe chimene chidasunga mabanja a kunsi kwa phiri kuno. Osati a Hafu athuwa, ife tikuwafunabe. Apeze wina wopuma ntchito. Pempho lachiwiri lipite ku UNESCO. Gule Wamkulu adamulemekeza mu 2005, zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006, nsima mu 2017. Ngati nsima, imene imatha m'mbale pa mphindi khumi, idalowa m'kaundula wa dziko lonse, kuli bwanji njerwa imene yakwirira mafoni atatu? Tili m'dera la Inkosi Kachindamoto kuno, ndipo mawu oti Bayete ali ndi eni ake, sindingawaseweretse. Koma m'mawa ndikamadutsa pakhonde, chipewa ndimachikhudza.

Mwezi wathawu ndidapita madzulo kwa aneba a kuseri kwa mjigo kukabwereka pampu ya njinga. Ndidawapeza ali pakhonde, filimu ili mkati, anthu ngati khumi. Maso anga sadapite pafoni. Adapita pa chimene chidaimika foniyo: chofiira, chokhakhala, chosweka mopendeka. Mtima udagunda. Ndidafunsa kuti adachitenga kuti, mayi a pakhomopo adati ana adabwera nacho kalekale kuchokera kumasanje. Ndidathamanga kunyumba pampu osatenga, ndidanyamula a Hafu m'khwapa, ana onse pambuyo, agogo ndi ndodo yawo kumapeto. Tidapempha kuti aimitse filimu. Ndidagwada, ndidayandikizitsa zibanthu ziwirizo, ndipo zidalumana gwa, mano kwa mano, mng'alu wokha n'kumaoneka ngati ulusi. Agogo adaululutira. Wina adati tiwasiye agone limodzi usiku umodzi wokha, abale aonana patapita zaka.

Tidakhala chete kanthawi, tikuyang'ana njerwa yathunthu imene idayenera kukhala pakhoma la khitchini. Kenaka mwana wa anebawo adati mwini filimu anali atangolowa kumene m'nyumba ya adani, ndipo mnyamata wanga adakumbutsa kuti kwathu gawo lomaliza likudikira, batire yatsala 31. Ndidawalekanitsa, ndidapepesa kwa onse awiri, n'kunyamula wathu kubwerera naye kunyumba.